Kalata Yodandaula: Mwadula Foni ya M'nyumba ya Munthu Wodwala Musanatiikire Faiba

Nottingham, Novembala 2025

Kwa Mkulu Woyang'anira Madandaulo a Makasitomala,

Bwana kapena Mayi,

Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndatopa. Nambala ya akaunti yanga ili pamwamba pa envulopu, ndipo zonse zimene ndakhala ndikulankhula ndi anthu anu muli nazo, poti nthawi zonse makina anu amayamba ndi kundiuza kuti mawu anga akujambulidwa. Ngati amajambuladi, ndikupemphani mukawamvere musanandiyankhe.

Mu Seputembala mnyamata wina wa ku ofesi yanu yogulitsa anandiimbira masana ndili mtulo, poti ndimagwira ntchito usiku kunyumba yosamalirako okalamba. Anandiuza kuti mawaya akale a kopa akutha ntchito, ndipo ndikapanda kusamukira ku mawaya atsopano a faiba mwezi womwewo, foni ndi intaneti zidzangozima. Anali wokoma pakamwa. Ndinamuuza momveka bwino, osati kamodzi, kuti amuna anga anadwala sitiroko, dzanja ndi mwendo wakumanja sizigwira bwino, ndipo amavala kabatani kofiira m'khosi kochokera ku khonsolo. Akagwa amakadina, kabokosi kamene kali pabalaza kamaimba kudzera pa foni ya m'nyumba, ndiye anthu othandiza amayankha. Ine ndikachoka madzulo kupita kuntchito, kabatani kameneko ndiko kamatsala nawo. Mnyamata wanu anayankha kuti, "Musade nkhawa mayi, zonse zisamuka zokha." Atatero anandimangirira pa kontrakiti ya miyezi 24.

Zimene sanandiuze ndazidziwa pambuyo pake. Tsiku lozimitsa lamya zakale m'dziko lino la UK poyamba linali Disembala 2025, koma mu Meyi 2024 analisuntha kufika pa 31 Januwale 2027. Ndiye liwiro la "mwezi uno" linachokera kuti? Mnyamata wanuyo analinso ndi udindo wondifunsa bwinobwino za kabatani kaja, chifukwa mu Disembala 2023 makampani akuluakulu a lamya anasainirana ndi boma kuti sadzasamutsa munthu wodalira zipangizo zoterezi asanatsimikize kuti zigwira ntchito pa foni yatsopano. Lonjezo limenelo munalilemba ndi zilembo zazikulu patsamba lanu. Kwa ine silinafike.

Sindikukana faiba ayi. Ndikudziwa kuti mawaya akalewo ndi okalamba, akuvuta kukonza, ndipo Openreach, kampani yosamalira mawaya a lamya, inasiya kugulitsa malaini atsopano a mtundu wakale mu Seputembala 2023. Kusinthako kubwera ndithu, ndipo palibe amene akulimbana nako. Chimene ndikudandaula ndi momwe inu mwachitira m'nyumba mwanga.

Tsiku limene munalonjeza kudzaika faiba ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinasuntha kabati pakhoma pamene munati padzakhala kabokosi koyera, ndinadikira kuyambira m'mawa mpaka kunja kunada. Sikunabwere munthu, ngakhale uthenga. Tsiku lina limene munandipatsa, injiniya anafikadi. Bambo waulemu, sindingamunamizire. Anayang'ana khoma, anatuluka panja, anabwerera n'kundiuza kuti sangaboole popanda chilolezo cholembedwa cha eni nyumba, poti ife timachita lendi m'fulati. Anadabwa kuti palibe amene anandiuza zimenezi pogulitsa. Ataona kabokosi ka khonsolo anapukusa mutu, nati ntchito imeneyi sinayenera n'komwe kulembedwa ngati ntchito wamba. Anapita osagwira kanthu, ndipo anachita bwino.

Koma kompyuta yanu inalemba kuti ntchito yatheka. Usiku womwewo laini yakale munaidula.

Ine sindinadziwe. Ndinapita kuntchito mtima uli m'malo. M'mawa ndikutsika basi, foni yanga ya m'manja inalira, anali a ku khonsolo kundifunsa chifukwa chake kabokosi kathu kasiya kulumikizana nawo. Ndinathamanga mtunda wotsalawo. Ndinawapeza amuna anga ali bwino, atakhala pampando akudikira tiyi, kabatani kali m'khosi monga mwa masiku onse, osadziwa kuti usiku wonse anavala chinthu chakufa. Ndinanyamula foni ya pabalaza, munalibe ngakhale kaphokoso. Akanagwa ku bafa usiku umenewo, akanadina mpaka liti? Funso limeneli ndikufuna wina wa inu aliyankhe, osati kundiuza kuti "tikumvetsa momwe mukumvera."

Kuyambira pamenepo mwakhala mukundiponyerana ngati mpira. A zogulitsa akuti ndi nkhani ya a zokonza. A zokonza akuti pa kompyuta pawo palibe chowonongeka, poti faiba "ikugwira ntchito." A mabilu akuti iwo amangoona ndalama. Ndinakwera basi kupita ku shopu yanu m'tauni nditangoweruka, maso ali psuu ndi tulo, ndipo mtsikana wa pakauntala anandiuza kuti iwo amangogulitsa mafoni a m'manja. Anandilozera foni yapakona kuti ndiimbire nambala yomwe ija ndimaimba ndili kunyumba. Ndinabwereranso tsiku lina nditanyamula kalata ya eni nyumba yololeza kuboola, poti wina pafoni anati ndikaisiye kumeneko. Anaikana, akuti sadziwa koipititsa. Ndalama ya basi, tulo tanga, ndi mnzanga wa kumpingo amene ndimamupempha kudzakhala ndi odwala ndikachoka, zonsezo zinapita pachabe.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi bambo amene ndinalankhula naye Lachiwiri lapitali madzulo. Dzina lake lili m'mabuku mwanu. Ndinamufotokozera zonse modekha kuyambira pachiyambi. Anandidula pakamwa nati laini yakale ikadulidwa sibwereranso, basi. Nditamufunsa kuti nanga odwala atani, anaseka pang'ono, ndinamumva ndithu, nati, "Masiku ano ndani alibe foni ya m'manja? Muwagulire." Ndinamuuza kuti munthu amene dzanja lake silitha kugwira supuni bwinobwino sangathe kutsegula foni atagwa pansi, komanso kuchipinda kwathu netiweki imavuta. Anayankha kuti zimenezo si za kampani. Kenako anayamba kulankhula pang'onopang'ono, mokweza, liwu limodzilimodzi, nandifunsa ngati m'nyumba muli munthu wina womva bwino Chingerezi amene angalankhule naye.

Bwana, ine ndakhala m'dziko lino zaka zambiri. Usiku uliwonse ndimalemba malipoti a mankhwala a makolo a anthu ngati iyeyo, m'Chingerezi, ndipo madokotala amawawerenga osadandaula. Pamene munkandigulitsa kontrakiti Chingerezi changa chinali chomveka bwino kwambiri. Chavuta lero poti ndikufunsa zimene munalonjeza? Nditapempha kulankhula ndi bwana wake anati mabwana onse ali pamsonkhano ndipo andiimbira. Msonkhano umenewo uyenera kuti ndi waukulu zedi, chifukwa mpaka lero sunathe.

Pali china chimene palibe ndi mmodzi yemwe wa inu anachitchula. Foni yakale inkalandira mphamvu kudzera mu waya womwewo kuchokera ku ofesi ya lamya, n'chifukwa chake magetsi akazima inkalirabe. Yatsopanoyi imadalira rauta ndi kabokosi ka faiba, zonse zolumikiza ku magetsi a m'nyumba. Magetsi akazima, foni nayo yazima, ndipo 999, nambala yoitanira thandizo pa ngozi, simungaimbe. Ine ndinakulira ku Malawi, za kuzima kwa magetsi palibe angandiphunzitse, ndipo kunonso zimachitika. Mphepo ya mkuntho ya Arwen mu Novembala 2021 inasiya mabanja ambiri kumpoto mumdima kwa masiku, ena opanda njira yoitanira thandizo. Ofcom, bungwe loyang'anira makampani a lamya, inanena kale kuti munthu wodalira foni ya m'nyumba apatsidwe kwaulere njira yoimbira 999 kwa ola limodzi kapena kupitirira magetsi atazima, kaya ndi batire kaya chipangizo china. Nditafunsa za batireyo, mayi wina wa kwanuko anandiuza mtengo wake. Ndinamufunsa ngati wawerenga zimene zalembedwa pa akaunti yanga zokhudza odwala. Anati palibe cholembedwa. Ndiye zimene ndinamuuza mnyamata uja mu Seputembala zinathera m'makutu mwake.

A khonsolo ndiwo atithandiza. Atibwereka kabokosi kena kokhala ndi SIM khadi, ndipo takaika pawindo la kukhitchini pamene netiweki imagwirako. Ndikuwathokoza, koma imeneyo sinali ntchito yawo yokonza zimene inu mwawononga. Nambala yathu yakale ndiyo ili kuchipatala, kwa dokotala wathu, kwa ophunzitsa odwala kuyenda, ndi kwa achibale. Woimba aliyense akumva kuti nambalayo kulibe. Tsiku limodzi lokaonana ndi achipatala latidutsa kale chifukwa anaimba kuti asinthe nthawi osatipeza.

Tsono bilu yokha ndiyo sinachedwe. Yafika pa tsiku lake, mwatapa ndalama ku banki pamtengo watsopano wa faiba imene kulibe, n'kuwonjezapo ndalama yolumikizira. Intaneti tikugwiritsa ntchito ya pafoni yanga, ndikugula data yowonjezera. Nditanena kuti ndikufuna kuchoka, munandiuza kuti masiku 14 osinthira maganizo anadutsa, ndiye ndilipire chindapusa cha miyezi yonse yotsala. Kulipira chindapusa pa katundu amene simunandipatse! M'kalata ya kontrakiti imene inafika mochedwa ndapezamonso kuti mtengo udzakwera mu Epulo. Kuyambira pa 17 Januwale 2025 lamulo likuti kukwera kotere kuzinenedwa poyera, m'mapaundi ndi mapeni, munthu asanavomere. Pafoni paja sizinatchulidwe, ndipo chikalata chachidule cha kontrakiti chimene mumayenera kupereka munthu asanavomere sindinachione. Simunandiuzenso ngati panali kontrakiti yaifupi, kapena ngati ndikanatha kudikira mpaka a khonsolo atasintha kabokosi kawo. Munandionetsa khomo limodzi lokha, limene linali ndi phindu kwa inu.

Zimene ndikufuna si zambiri. Bwezeretsani nambala yathu, ndipo foni ya m'nyumba igwire ntchito mwanjira iliyonse imene mungathe, pamodzi ndi batire yaulere. Tsiku lodzaika faiba mugwirizane ndi a khonsolo kuti kabatani kayesedwe injiniya asanatuluke pakhomo. Lembani pa akaunti kuti m'nyumba muno muli munthu wodwala. Ndalama zonse zimene mwatapa kuyambira tsiku limene munadula laini zibwerere. Kampani yanu ili m'ndondomeko ya chipukuta misozi imene Ofcom inakhazikitsa, yomwe imapereka ndalama zopitirira £30 injiniya akapanda kubwera pa tsiku lake, ndi pafupifupi £10 pa tsiku lililonse limene laini yakhala yakufa osakonzedwa. Ndalama zimenezo zimayenera kubwera zokha, munthu osapempha. Ine sindinaone ngakhale peni imodzi. Werengerani nokha, masiku muli nawo. Ndipo bambo wa Lachiwiri uja, wina amukhazike pansi amumvetsere mawu ake omwe. Kupepesa kwake ndikufuna kolembedwa.

Ngati zimenezi zakukanikani, ndimasuleni pa kontrakiti popanda chindapusa, ndipo munditumizire kalata yonena kuti mwalephera kuthetsa nkhaniyi, ija mumaitcha deadlock letter. Ndikudziwa kuti ndi kalata imeneyo, kapena, malinga ndi lamulo la mu 2025, pakatha masabata 8 chiperekereni dandaulo, ndili ndi ufulu wopita kwa oweruza oima paokha, Communications Ombudsman kapena CISAS, kwaulere. Masabatawo ndikuwerenga kuyambira tsiku limene ndinadandaula koyamba pafoni, osati tsiku limene mudzatsegule envulopu iyi. Ofcom ndiwadziwitsanso, pamodzi ndi phungu wa dera lathu. Mumsewu mwathu makampani ena akumba kale faiba yawo, ndipo kuyambira Seputembala 2024 munthu wofuna kusamuka amangouza kampani yatsopano, yakale osaipempha n'komwe. Kumpingo ndi kuntchito kuli anzanga ambiri amene akusamalira makolo ovala mabatani omwewa, ndipo akundifunsa kuti asamukire kuti. Pakadali pano dzina lanu ndikulitchula powachenjeza.

Mundiyankhe polemba, pasanathe masiku 14. Musandiimbire m'mawa, ndimakhala ndikugona, ndipo foni ya m'nyumba mukudziwa kale kuti munaidula.

Ine kasitomala wanu wokhumudwa,
Mayi wa ku Nottingham