Zotupa zina si za masamba a nsatsi

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo za mankhwala azitsamba ochiza zotupa, poti kumudzi kuno ndi amene tikudalira, chipatala chili kutali komanso nthawi zina ukafika amangoti panado watha kagule ku famase, ndalama yake uitenga kuti.

Ine zitsamba sindizinyoza ayi. Munthu akabinya phazi kumunda kaya ku mpira, agogo amathyola masamba a nsatsi nkuwaviika m'madzi otentha, nkumathowa pang'onopang'ono pamene patupapo kenako nkumanga ndi kansalu, pakapita masiku munthu uja amayamba kuponda. Makungwa a mvunguti, muwawani, alovera, zonsezi makolo athu anazidziwa kalekale ndipo sanali opusa.

Chondiwawa nchoti tikuthowa chilichonse chotupa. Mwana watupa mapazi onse awiri, tsitsi lafiira layoyoka, ukadina ndi chala pamatsala kadzenje kosabwerera msanga, basi anthu ayamba kuti ndi tsempho ameneyu, bambo ake anayenda kumbali. Amutemera mphini nkumupaka mankhwala akuda aja, kunyumba kuli milandu yokhayokha, mwana akungofooka. Abale anga kumeneko nkunyentchera, mwana akusowa chakudya m'thupi, ndipo kusikelo alangizi a zaumoyo amamuyeza pamkono ndi kalamba kaja nkumulembera chiponde chaulere, akadwalika kwambiri amamugoneka kuchipatala. Palibe muzu umene ungalowe m'malo mwa chakudya.

Chimodzimodzinso mayi woyembekezera amene nkhope ndi manja zatupa, mutu ukuwawa, m'maso mukuchita chidima. Kawirikawiri imakhala BP yakwera ndipo atha kuyamba kukomoka, titaye mayi ndi mwana yemwe. Ameneyo mukwezeni pa kabaza tsiku lomwelo, osadikira kuti amwe kaye zonyika.

Nanga lezala limodzi kutemera anthu atatu masiku ano a HIV ano, zoona?

Asing'anga enieni, amene ndimawalemekeza, amadziwa malire awo, amanena okha kuti izi ndiye pitani kuchipatala. Ovuta ndi awa a m'madepoti a minibasi, botolo limodzi akuti likuchiza nyamakazi, shuga, kutupa miyendo, mphamvu za abambo, zonse, mulingo wake osalembedwa paliponse. Bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA lija linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 lidziyendako kumeneko, osangothera m'mafamase a m'tauni.

Ndipo pempho langa kwa akatswiri a ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS ndi a ku National Herbarium, bungwe lofufuza za zomera ku Zomba, zimene mumapeza mukayeza mitengo yathuyi tiuzeni pa wailesi m'Chichewa, kuti uwu ndi wothowera basi osamwa, uwu mayi wapakati asayerekeze, uwu umaononga impso ukachuluka. Muitanenso asing'anga pa pulogalamuyo, anthu kuno amamvera iwowo kuposa nesi.

Wowerenga wanu,
Dedza