Helikopita ya asilikali ikhale pa Chingodzi dzinja lisanafike

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za ndege za helikopita za asilikali, makamaka zija zopangidwa kuti zizigwira ntchito zosiyanasiyana. Anthu ambiri kuno ku Tete akaimva ikudutsa amangoganiza za nkhondo ya ku Cabo Delgado, imene inayamba mu Okutobala 2017, chonsecho kapangidwe ka ndegezi kamakhudzanso moyo wa mlimi wa ku Mutarara ndi wa mayi woyembekezera wa ku Zumbo. Maganizo anga ndi akuti ndege yotereyi imakwanitsa ntchito zake zonse pokhapokha zipangizo, anthu ozolowera ntchitoyo ndi mafuta zili pafupi, ndipo chigawo chathu chikufunika imodzi yoti izikhala pa bwalo la ndege la Chingodzi nyengo yonse ya mvula.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi Mi-8 pamodzi ndi mng'ono wake Mi-17, mtundu umene asilikali a dziko lathu la Mozambique akhala akuugwiritsa ntchito. Anaikonza ku Soviet Union akatswiri otsogoleredwa ndi Mikhail Mil, inauluka koyamba mu 1961, ndipo mafakitale a ku Kazan ndi ku Ulan-Ude atulutsa zoposa 12,000. Injini zake ziwiri zili pamwamba pa denga, ndipo zonse zimapereka mphamvu ku giyabokosi imodzi yozunguza mapiko asanu, amene akamazungulira amatenga malo a mamita 21 kuchokera nsonga ina kukafika ina. Mapikowo akamazungulira mbali imodzi, thupi la ndege limafuna kupotokera mbali inayo, ndipo ntchito ya timapiko titatu ta kumchira ndi kuletsa kupotokako ndi kuwongolera kumene mphuno ikuyang'ana. Injini imodzi ikazima, inzake imawonjezera mphamvu kuti woyendetsa apeze potera.

Nzeru yaikulu ya amene anaikonza ili m'kati mwake. Popeza injini anaziika pamwamba ndipo matanki aakulu a mafuta anawamangirira kunja m'mbali, m'mimba mwa ndegeyo munatsala chipinda chopanda chotchinga, chokhala ndi chitseko chotsetsereka pambali ndi zitseko zazikulu kumbuyo. M'chipindamo mumakhala asilikali 24 ndi zida zawo, kapena machira 12 a odwala, kapena katundu wofika matani 4, amene ndi matumba 80 a ufa a makilogalamu 50. Katundu wosalowa pakhomo, monga jenereta kapena thanki ya madzi, amamulendewetsa ku ngowe ya pansi pa mimba. Ikapita kunkhondo amaimangirira zitsulo m'mbali zonyamulira mizinga, mfuti pakhomo ndi malata okhuthala oteteza oyendetsa ku zipolopolo. Ili ngati ngolo ya ng'ombe ya ku Angónia, imene m'mawa imatuta mbatata ya kachewere ndipo madzulo imathamangitsira wodwala kuchipatala. N'chifukwa chake ndimaona kuti dziko la ndalama zochepa limapindula nayo kuposa Mi-24, imene anaipangira kumenya nkhondo ndipo chipinda chake chimangokwana asilikali 8.

Komatu manambala amenewa ndi a m'mabuku a fakitale, ndipo mlengalenga mwa Tete simutsata mabuku. Mapiko amanyamula ndege pokankhira mpweya pansi, ndipo mpweya ukatentha kapena malo akakhala okwera umapepuka, moti mapiko amasowa chogwira ndipo injini nayo imachepa mphamvu. M'chigwa cha Zambezi kutentha kumaposa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, pomwe ku Ulónguè ndi ku Tsangano nthaka yakwera mamita oposa 1,000 kuchokera kunyanja yamchere. Kotero ndege imene yanyamuka bwino ndi katundu wake mbandakucha ingalephere kudzuka ndi katundu yemweyo masana, ndipo woyendetsa wanzeru amatsitsako matumba kapena amachepetsa mafuta. Malata oteteza ku zipolopolo nawonso amalemera, ndipo kilogalamu iliyonse ya chitsulo imalanda malo a kilogalamu ya chakudya. Fumbi ndi mdani wina, pakuti limadya tizitsulo ta m'kati mwa injini. Mi-17 ili ndi zotchingira fumbi pakamwa pa injini zake, komanso kainjini kakang'ono kolizira zazikuluzo popanda magetsi a pabwalo, ndipo ziwiri zimenezi n'zofunika kwambiri kwa ndege yoti izitera pa bwalo la mpira la kumudzi.

Pali nkhani ya mtunda. Ndi matanki ake okha ndegeyi imauluka makilomita pafupifupi 500, pomwe kuchokera mumzinda wa Tete kukafika ku Zumbo ndi makilomita oposa 300 mumlengalenga, kutanthauza kuti singapite ndi kubwerako osamwera. Akaika matanki owonjezera m'chipinda muja, malo a machira amachepa. Njira yabwino ndi kusungiratu mafuta ake ku Songo ndi ku Mutarara mvula isanadule misewu.

Chipangizo chimene ndikufuna kuchitsindika kwambiri ndi makina okokera munthu m'mwamba ndi chingwe, amene amamangiriridwa pamwamba pa chitseko cha pambali. Pa madzi osefukira sipakhala potera. Ndege imaima mumlengalenga pamwamba pa mtengo kapena denga, msilikali mmodzi amatsika pa chingwe n'kumanga munthu lamba m'khwapa, mnzake ali pakhomo akuuza woyendetsa kuti asunthe pang'ono kumanja kapena kumbuyo, popeza woyendetsayo saona zimene zili pansi pa mimba ya ndege yake. Mphepo ya ndege yolemera mpaka matani 13 imasasula denga la udzu ndi kuthyola nthambi zimene anthu agwirira, choncho kutalika kwa chingwe ndi luso la woimitsa ndege ndi zimene zimasiyanitsa kupulumutsa ndi kugwetsera anthu m'madzi. Luso limeneli limabwera ndi kuyeserera kawirikawiri, ndipo kuyeserera kumadya mafuta ndi ndalama. Tonse tikukumbukira chigumula cha 2000 m'chigwa cha Limpopo, pamene asilikali a ku South Africa anachotsa anthu zikwizikwi m'mitengo ndi pa madenga, kuphatikizapo khanda lobadwira mumtengo kufupi ndi Chibuto. Anakwanitsa zimenezo chifukwa ndege zawo za Oryx zinali ndi zingwe ndipo iwo anali atazolowera kuzigwiritsa ntchito.

Ife a ku Tete zoterezi sizachilendo kwa ife. Mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kumiza nyumba ku Chingodzi ndi ku Matundo, ndipo mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anadula mlatho wa pamtsinje womwewo, wolumikiza mzinda wa Tete ndi Moatize. Ndege yochokera ku Beira kapena ku Maputo imadikira kaye chilolezo, mafuta ndi nyengo yabwino panjira, pomwe munthu wokakamira ku nthambi ali ndi mwana kumsana mphamvu zimamuthera m'maola ochepa.

Sindikupeputsa vuto la ndalama. Helikopita imafuna amakaniko nthawi zonse, zitsulo zake zambiri zili ndi maola owerengeka oti zigwire ntchito kenako zisinthidwe ngakhale zikuoneka zabwino, ndipo kuyambira 2022 nkhondo ya Russia ndi Ukraine yavutitsa kapezedwe ka zitsulo za ndege za mtundu umenewu, pakuti injini zake zambiri zinkapangidwa ku Zaporizhzhia ku Ukraine. Pa chifukwa chimenechi, pogula ndege boma lizigula pamodzi ndi zitsulo zosinthira, chingwe chokokera anthu, machira, nyali yofufuzira ndi magalasi oonera usiku, ndiponso lizilipiriratu maphunziro a oyendetsa ndi amakaniko athu.

Pempho langa kwa akuluakulu a FADM, gulu lankhondo la dziko lathu, ndi a INGD, bungwe la boma loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi lakuti agwirizane zoika helikopita imodzi yonyamula katundu pa Chingodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo chaka chilichonse, itachotsedwa mizinga ndi malata olemera aja, ndipo aphungu athu a ku Tete akafunse ku Nyumba ya Malamulo kuti ndi ndege zingati mwa zimene tili nazo zimene zili ndi chingwe chogwira ntchito.

Ine wowerenga wanu,
wa ku Moatize, m'chigawo cha Tete