Za Misa wasiya ija

Mwana wanga,

Uthenga wako wa pa WhatsApp ndaumva. Ukuti Misa unasiya poti kumeneko amayimba Chizulu ndi Chisutu, ansembe nawo Chizungu chake chothamanga, ndiye umangopemphera wekha ukaweruka. Kupemphera wekha sindikukuletsa ayi, koma tandiuza, tsiku loti wachoka ku shifiti ya usiku, bwana wakudula ndalama, lendi ikudikira, mawu opempherera umawatenga kuti? Pakamwatu pamauma.

Ine nthawi yomwe ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg komweko ndinkapita ku Cathedral of Christ the King, ili pa Saratoga Avenue, si patali ndi ku Yeoville kwanuko. Chizulu sindinkamva koma thupi linkadziwa lokha poyimirira, pogwada, podziguguda pachifuwa, iwo akamayankha m'chikwawo ine chamumtima Ambuye mutichitire chisoni, basi tili limodzi. Ndipo mawu omwewo ndi amene ankanditulukira Lolemba ndili pa sinki dona atandikalipira, osachita kuwafunafuna. Agogo ako anakulira Misa ya Chilatini mpaka msonkhano wachiwiri wa Vatican unatsegulira zilankhulo zathu mu 1963, ukuganiza ankamva chani? Koma kujomba ayi ndithu.

Komanso mawerengo a Lamulungu ndi amodzi konsekonse, amazungulira zaka 3, chaka A Mateyu, B Marko, C Luka. Uthenga Wabwino umene udzamve kumeneko ndi womwewo tidzamve kuno ku parishi, ndiye madzulo ukamayimba foni tizikambirana ngati kumphakati, kagulu kathu ka akhristu oyandikana nyumba kaja, osamangoti mayi rand yagwa, mayi ndalama mwalandira?

Chomwe chimandiopsa Joni ndi choti masiku onse amafanana, kudzuka mdima, tekisi ya pa Noord, ntchito, kugona, chaka chatha osadziwa. Tchalitchi ndiye chimakudulira chakacho. Lachitatu la Phulusa ukalandire phulusa ukwere nalo tekisi pamphumi, akuyang'ane akuyang'anawo. Masiku 40 a Lenti Lachisanu nyama usiye, usipa amagulitsa a kwathu omwe, ndalama ya chakumwa cha pa wikendi upatseko mnzako amene ntchito yamuthera. Disembala anthu mitu ili pa bonasi ndi makatoni a ku Park Station, iwe uzikumbuka kuti ndi Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi, ukalape usanakwere basi.

Zoti Lamulungu umagwira ntchito ndamva, koma Misa ya Loweruka madzulo imawerengedwa ya Lamulungu, kafunse ku ofesi ya parishi nthawi yake. Popita ku shifiti uziwerenga Salimo 91, silitalika.

Korona yopempherera ya malemu bambo ako ndaiyika m'katoni ya ufa ndi nyemba, ili m'kansalu pansi penipeni, usataye katoni usanayang'ane. Basi ikamanyamuka ndikuuza. Upereke moni kwa apongozi anga ndi kamdzukulu.

Ndine mayi ako.