Za mphete yakoyo, usanagule

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako yandipeza Lachiwiri ndipo ndaiwerenga katatu, kachitatuko ndili chiimire chifukwa nditafika pa nkhani ya mphete ya mwala wa opal yomwe ukufuna kugulayo mtima unangoti myuu. Poyamba ndinene kuti ndasangalala koopsa kuti mayeso aja wakhoza ndipo ntchito ya unamwino waiyamba, ndinalira misozi yeniyeni, amake mapasa ndinawauza usiku womwewo ndipo akuti ndikupatse moni wambiri. Zimenezo tidzakamba bwino tsiku lina. Lero ndagwira cholembera chifukwa cha mpheteyo, sindigona nayo.

Iwe, opal? Pachala? Iweyo amene uzisamba m'manja kosawerengeka tsiku lililonse, kuvala ndi kuvula magolovesi, kutembenuza odwala, kugunditsa manja ku zitsulo za mabedi? Chithunzi wanditumiziracho ndachiona, ndi wokongola inde, mitundu ikuchita kuvina mkatimo ngati utawaleza wagwera mu dontho la mkaka, ine ndemwe ndinauyang'ana nthawi yaitali. Ndipo ndikumvetsa kuti malipiro oyamba munthu umafuna ugule chinthu choti uzichiona nkumati ichi ndi thukuta langa. Koma undimvere kaye usanapereke ndalama, ndakupempha.

Ukukumbuka mkanda wa ngale wa malemu amayi uja? Uja unkandinena kuti ndimauvala ngakhale popita kukataya zinyalala? Sindinakuuze, unaonongeka. Zaka ziwiri ndinkauvala kaye m'khosi kenako ndi kudzipopera perefyumu pamwamba pake, mafuta odzola omwewo, thukuta lomwelo, madzulo nkungouponya mu kambale limodzi ndi makiyi ndi ndolo zina. Tsiku lina ndikuuvula ndinaona kuti ngale zinayi za kutsogolo, zomwe zimakhala pakakhosi apa, zachita mbuu ngati choko, imodzi yayamba kusupuka ngati khungu la chilonda. Ndinapukuta ndi kansalu, ndinapukutanso, osabwerera. Nditapita nawo kwa mmisiri wa mphete anautembenuzatembenuza pansi pa kagalasi kake kaja, kenako anandiyang'ana nkupukusa mutu, akuti kuwala kwa ngale kukadyeka sikubwezeretsedwa. Ngale imapangidwa ndi zinthu zofanana ndi chigoba cha nkhono, ndiye chilichonse chowawasa kapena cha spiriti chimaidya pang'onopang'ono. Imayenera kukhala yomaliza kuvala, yoyamba kuvula. Ndinabwerera kunyumba nditaufumbata m'manja, ndinakhala pabedi mpaka kunja kunada. Amayi anauvala zaka zambirimbiri osautaya kuwala, ine zaka ziwiri zokha. Mpaka lero uli mu kabokosi, kuutsegula ndimalephera.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga za miyalayi ngati ndikukonzekera mayeso, ndiye zomwe ndikukuuzazi ndinazilipira ndi mkanda wa amayi.

Pali bambo wina wa ku Germany dzina lake Friedrich Mohs, mu 1812 anandandalika miyala kuyambira pa 1 mpaka pa 10 potengera kuti ndi uti umakanda unzake. Dayamondi ali pa 10, ruby ndi safaya pa 9, topazi pa 8, quartz pa 7 ndipo ametisiti wofiirira uja ndi mtundu wa quartz yemweyo. Ngale ili pansi kwambiri, pakati pa 2.5 ndi 4.5. Opal wakoyo ali pakati pa 5.5 ndi 6.5, pafupifupi ngati galasi la pawindo. Tsono chomwe chinandidzidzimutsa ine ndi ichi, fumbi wambali, lomwe limakhala pa tebulo ndi pa zovala, limakhala ndi tizidutswa ta quartz. Ndiye mwala uliwonse wosafika pa 7 ukamaupukuta ndi mpango kapena m'mphepete mwa malaya ukuukanda wekha osadziwa, pakapita miyezi umangoona sukuwalanso ngati kale. Komanso opal ali ndi madzi mkati mwake, sagwirizana ndi kutentha kodzidzimutsa, uchoke pozizira ulowetse dzanja m'madzi otentha akhoza kuchita timing'alu. Ndipo umufunse wogulitsayo kuti wachokera kuti, chifukwa wambiri wa ku Ethiopia amamwa madzi ngati siponji, ukamunyowetsa mitundu ija imazimirira kaye mpaka aume, ndipo sopo ndi mafuta akalowa mkati amamudetsa. Wa ku Australia sachita zimenezo, koma aliponso ena amene ndi kachigamba kopyapyala ka opal komatidwa pa mwala wakuda, ameneyo akamanyowa kawirikawiri guluu amalekerera. Tsono ndiuze, dzanja la namwino limauma nthawi yanji?

Ndikudziwa chifukwa chake wakakamira, unabadwa mu Okutobala ndiye akuuza kuti opal ndi mwala wa mwezi wako. Mndandanda wa miyala ya miyezi yobadwira umene masitolo amagwiritsa ntchitowo anaukhazikitsa ogulitsa mphete a ku America mu 1912, si lamulo la Mulungu ayi. Ndipo ngakhale pa mndandanda womwewo Okutobala ali ndi mwala wachiwiri, tourmaline, amene ali pa 7 mpaka 7.5 ndipo amapezeka wapinki, wobiriwira, mitundumitundu. Ngati mtima wako uli pa opal basi sindikukuletsa, koma muike m'khosi kapena m'makutu, kumeneko sagundidwa, sanyowa pafupipafupi, adzakhala nawe mpaka ukalambe. Chala ndiye malo ankhanza kuposa onse pathupi.

Komanso wafunsa kuntchito kwakoko? Zipatala zambiri zimangolola mphete yosalala yopanda mwala, chifukwa pansi pa mwalapo pamabisala tizilombo ndipo timano togwira mwala tija timaboola magolovesi. Usagule chinthu choti uzichivula m'mawa uliwonse nkuika m'thumba la yunifolomu, iwe ndimakudziwa, unataya wotchi ziwiri chaka chimodzi ndi ambulera ya alamu ako ija mpaka lero amaifunsabe kkkk.

Za timanoto ndinene pang'ono. Mphete ya achemwali ako aakulu ija, yokwera m'mwamba ngati chulu, tsiku lina akusambitsa mwana inamukala patsaya mzere wofiira kuchokera pakhutu mpaka pachibwano, mwana kulira, iwonso kulira. Ikamakoka ulusi wa juzi ndiye sitinena. Kwa munthu wogwira ntchito ndi manja yabwino ndi ija mwala umazunguliridwa ndi chitsulo m'mbali monse nkukhala chophwatalala, amati bezel, sikola kanthu ndipo m'mphepete mwa mwala mumatetezeka. Ngakhale dayamondi yemweyo, usamve zoti saonongeka. Kukandika sakandika, koma ukamugunditsa mwamphamvu pa kona amabenthuka.

Cholembera ichi chikundivuta, chikumadukiza, ndipo chifuwa chija sichinandisiyebe sabata yachitatu ino, usiku ndikumatsokomola mpaka nthiti kuwawa. Anzathu oyandikana nawo agula wailesi yatsopano. Basi.

Tibwerere kwa iwe. Wandifunsa kuti ndi mwala uti ungakukhale, ine ndikuti tsegula kaye kabati yako uyang'ane zomwe umavala Lachitatu wamba, osati diresi la paukwati lomwe umalitulutsa kamodzi pachaka. Iwe ndiwe munthu wa zobiriwira ndi zakhofi, kuyambira kusukulu, ndipo zinthu zolemera umadana nazo, ndolo zazitali umavula phwando lisanafike pakati nkundipatsa ine ndikusungire mu chikwama. Ndiye bwanji ukufuna kudzisandutsa munthu wina chifukwa cha chithunzi cha pa Instagram? Amene wavala pachithunzipo dzanja lake langogona pa pilo. Ine ndikakuganizira ndimaona tindolo ting'onoting'ono tomata pakhutu ndi katcheni kopyapyala kokhala ndi mwala umodzi wobiriwira pakakhosi, zoti ukhoza kugona nazo, kudzuka nazo, kupita nazo kuntchito ngati akulola, ndipo pakhungu lako lakuda bwino lija chobiriwira pa golide wachikasu chimawala ngati tsamba lanthete mvula itangokata.

Ukamva chobiriwira uthamangira emarodi, dikira. Pa kulimba ali bwino, 7.5 mpaka 8, koma pafupifupi emarodi aliyense amakhala ndi timing'alu mkati ndipo ogulitsa amathiramo mafuta kuti tisaoneke. Chikomekome cha nkuyu chija. Ukamamuviika m'madzi otentha a sopo mafutawo amachoka, ming'alu nkuonekera, ndipo akagundidwa amasweka msanga. Pa mkanda ali bwino, pa mphete ya tsiku ndi tsiku ayi. Ulipo wina wobiriwira wotchedwa tsavorite, wa m'banja la miyala yotchedwa ganeti, dzinalo analitenga ku Tsavo ku Kenya, ameneyo kawirikawiri sathiridwa mafuta ndipo amang'anima kuposa emarodi. Ndinamuona kamodzi kokha, kamwala kochepa ngati kanjere, koma kanandikoka maso ndili kutali. Ndipo safaya si wabuluu yekha monga ambiri amaganizira, alipo wobiriwira, wachikasu, wapinki, akakhala wofiira ndiye timamutcha ruby, mwala wake ndi umodzi womwewo. Ngati ukufuna mphete yoti uzichapa nayo, kuphika nayo, kukalamba nayo, safaya ndi ameneyo. Tanzanite yemwe azakhali ako amamutama uja, amene anapezeka mu 1967 ku mapiri a Merelani kufupi ndi Arusha ndipo sakumbidwa kwina kulikonse, ndi wokongola zedi koma ndi wosachedwa kukandika ndi kusweka, nayenso ndi wa m'khosi ndi m'makutu.

Ndipo usachite manyazi ndi miyala yopangidwa ndi anthu. Ruby ndi safaya akhala akupangidwa m'mafakitale kuyambira pomwe Auguste Verneuil wa ku France analengeza njira yake mu 1902, si galasi ayi, ndi mwala weniweni, kulimba kwake chimodzimodzi, kungoti sunakumbidwe pansi. Choipa ndi pamene akugulitsa wopangidwa nkukuuza kuti ndi wokumba. Ndiye chilichonse chomwe wogulitsa anene ndi pakamwa, akulembere pa lisiti, dzina la mwala, wokumba kapena wopanga, anauotcha kapena anauthira mafuta. Safaya wambiri amamuotcha kuti mtundu ukhale bwino, zimenezo nzovomerezeka bola akuuze. Akayamba kuzembazemba polemba tuluka, usaope nkhope yake, iwe vuto lako umamvera anthu chisoni ukagula zinthu zomwe sukuzifuna.

Makutu akowo usaiwale! Ukukumbuka ndolo zija zinakutupitsa mpaka kutuluka madzi, ine ndikukutsuka ndi thonje iwe ukukuwa? Chinali chitsulo cha nickel chimenecho, ndipo thupi likadana nacho limadana nacho mpaka kale. Uyang'ane kachidindo mkati mwa mphete kapena pa kokolowekera tcheni. 750 ndiye golide wa makarati 18, 585 ndi wa 14, 375 ndi wa 9, siliva wabwino amalemba 925. Nambala ikatsika ndiye kuti zitsulo zina zosakanizamo zachuluka. Golide woyera samala naye, wina amasakaniza nickel yemweyo nkumukuta ndi chitsulo china chotchedwa rhodium pamwamba, chokutacho chikatha makutu ayambanso. Zongopaka golide pamwamba zisiye, miyezi ingapo zasuluka. Ndipo jiki ndi mdani wa golide wosakaniza, amadya timano tija mpaka tsiku lina udzangoona pamphete patsala dzenje mwala unagwa kalekale osadziwa kuti unagwera kuti. Kutsuka kwake safaya ndi kosavuta, madzi ofunda, kasopo pang'ono, kamswachi kofewa, basi. Ndipo usasunge zonse mu kambale kamodzi ngati ndinkachitira ine, wolimba amakanda wofewa.

Mwina ukuti mkaziyu wapenga, masamba onsewa chifukwa cha kamphete. Kungoti usiku wa Lachiwiri ndinagona ndikuganiza iwe uli wekha kutaliko, wagula chinthu choyamba ndi ndalama yako, pakutha pa chaka chachita mbuu kapena chang'aluka, ndipo ukhala pabedi ngati ndinakhalira ine popanda wokugwira paphewa. Ndikanakhala pafupi tikanapita limodzi, ine nkumakutsina ukayamba kukopeka ndi magetsi a m'sitolo aja, chifukwa amaikira dala owala kwambiri, upemphe kuuonera pawindo pa kuwala kwa dzuwa usanavomere. Ndakusowa mnzanga. Nyumba ino chichokereni iwe komanso amayi imangokhala zii, bambo ake mwana amabwera mochedwa ndipo zoyezetsa za abambo zija zotsatira zake sizinatuluke bwino, tikupitanso nawo sabata yamawa, sindikufuna kuzilemba pano.

Mmisiri uja anandiuza kuti ngale zosaonongekazo akhoza kuzitunganso pa ulusi watsopano wa silika, kumanga kamfundo pakati pa iliyonse, mkanda nkufupikako pang'ono. Ndakhala ndikuganiza kuti ziwiri ndizipatule akupangire tindolo, amayi ankakukonda ngati mwana wawo, koma uyambe walonjeza za perefyumu. Pepala latha ndikulemba m'mphepete tsopano, undiyankhe usanagule chilichonse, unditumizire chithunzi cha kachidindo kamkatiko, ndipo chala ukayezetse madzulo osati m'mawa chifukwa zala zimatupa masana, ine ija ndinayezetsa m'mawa kukuzizira ndiye