Kalata kwa a Meya a Mzinda wa Chipata: Bwalo la David Kaunda Likhale la Matimu Onse

Olemekezeka a Meya,

Ndikukulemberani poyera chifukwa nkhaniyi ndi ya anthu ambiri, ndipo ndikufuna kuti masapota a matimu onse a mumzinda muno aiwerenge pamodzi ndi inu. Ine ndimaphunzitsa anyamata mpira kukomboni kwathu. Pempho langa ndi loti muitanitse msonkhano wa onse amene amagwiritsa ntchito bwalo la David Kaunda, kuti pakhale pangano lolembedwa la momwe matimu opikisana azigawanirana bwaloli, ndi kuti lisadzaperekedwe m'manja mwa timu imodzi.

Chipata inakhala mzinda mu 2017. Kuyambira pamenepo anthu achuluka, makomboni akula, ndipo malo amene ana ankamenyerapo mpira akumangidwa nyumba. Ku Kapata, ku Mchini, ku Magazine ndi ku Nabvutika anyamata ndi atsikana ofuna kusewera ndi ambiri, koma bwalo limene aliyense amalakalaka kudzasewerapo pamaso pa anthu ndi limodzi lomwelo. Fashion Sakala anabadwira kuno. Anali m'gulu limene linatenga chikho cha Africa cha osapitirira zaka 20 ku Lusaka mu 2017, kenako anakasewera ku Belgium ndi ku Rangers ya ku Scotland. Ana athu amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mukawauza kuti Loweruka tikasewera pa DK (David Kaunda), usiku wa Lachisanu sagona.

Pali anthu amene amati matimu odana sangakhale pabwalo limodzi. Ine sindigwirizana nawo. Ku Milan, ku Italy, bwalo la San Siro linamangidwa mu 1926 ngati la AC Milan. Mu 1935 khonsolo ya mzindawo inaligula, ndipo kuyambira 1947 Inter nayonso yakhala ikusewerera pomwepo. Udani wa matimu awiriwa sunathe, koma sabata ino wina ali pakhomo, sabata yamawa mnzake, mpaka lero. Ku Rome, Lazio ndi Roma zimagawana Stadio Olimpico. Ndipo sitifunika kupita kutali: anansi athu ku Blantyre aona Bullets ndi Wanderers zikusewerera pa Kamuzu Stadium kwa zaka zambirimbiri, ndipo aliyense amene anakhalapo tsiku la masewero awo amadziwa kuti chikondi palibe pakati pa ofiira ndi abuluu.

Koma pali nkhani ina ya ku Germany imene ndikufuna muiganizire mofatsa. Ku Munich, Bayern ndi 1860 Munich zinamanga limodzi bwalo la Allianz Arena, limene linatsegulidwa mu 2005, aliyense ali ndi theka lake. Patangopita chaka chimodzi 1860 inasowa ndalama n'kugulitsa theka lake kwa Bayern. Kuchokera apo inakhala ya lendi panyumba imene inamanga nawo, ikulipira mdani wake, mpaka mu 2017 pamene inatsika ligi n'kusamuka. Bwalo likakhala m'manja mwa timu imodzi, yosauka imangotsala ndi kupempha. Kuno kwathu, kumene matimu ambiri amadalira ndalama za m'thumba la munthu mmodzi wabizinesi kapena zopereka za masapota, zimenezi zingachitike msanga kwambiri.

Apa ndiyenera kunena mosabisa mawu, a Meya. Khonsolo yathu ili ndi timu yakeyake. Ichi ndi chinthu chabwino, ndipo ambiri timaichemerera ikamasewera ndi alendo. Komabe zikutanthauza kuti pa nkhani ya bwalo, khonsolo ingaoneke ngati wosewera amene wagwiranso wezulo. Ngakhale mutachita zonse mwachilungamo, timu ina ikasunthidwa tsiku lake anthu adzanena kuti mwakondera. Chimene chingakutetezeni inu ndi ife tomwe ndi malamulo olembedwa, opachikidwa pageti, amene mwana wa giredi 7 angathe kuwerenga. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Choyamba m'panganolo chikhale ndandanda. Ligi isanayambe, akuluakulu a FAZ (bungwe loyendetsa mpira m'Zambia) a chigawo cha Kum'mawa, a unduna wa zamasewera, oyang'anira bwalo ndi nthumwi ya timu iliyonse akhale pansi ndi kalendala. Misonkhano ya mipingo, zikondwerero za boma ndi mipikisano ya masukulu zilembedwe momwemo, ndipo matimu a atsikana apatsidwe masiku enieni, osati otsala. Tsiku likalembedwa lisasinthidwe ndi foni ya munthu wamkulu. Amene sanayendetsepo timu sadziwa kuwawa kwake kwa kusintha tsiku mwadzidzidzi: minibasi yalipiridwa kale, alendo ochokera ku Lundazi kapena ku Petauke ali panjira, amayi aphika nsima ya anyamata, ndiye uthenga n'kubwera kuti bwalo latengedwa.

Nkhani imene ikundidetsa nkhawa kwambiri ndi ya kapinga. Bwalo la matimu ambiri limatopa msanga. Pofika Okutobala, pamalo pamene goloboyi amaima pamakhala poyera, dothi louma gwa, ndipo mwana akadumphira mpira amadzuka chigongono chitasupuka, magazi osakanikirana ndi fumbi. Mvula ikabwera, malo omwewo amasanduka thope, mpira umaima pakati pa madzi, mizere ya laimu n'kufufutika theka loyamba lisanathe. Sabata imodzi yosewerapo mvula ikugwa imawononga zimene wosamalira bwalo wakonza mwezi wathunthu. Choncho ndikupempha kuti mapulakatisi a tsiku ndi tsiku achoke pabwalo lalikulu, apite kumabwalo a masukulu ndi a m'makomboni, bwalo lalikulu likhale la masewero okha. Pa ndalama za pageti za masewero alionse, gawo lina lizipatulidwa kupita ku thumba la kapinga, madzi ndi malipiro a osamalira bwalo, ndipo mwezi uliwonse zilengezedwe kuti zalowa zingati, zatuluka zingati. Sapota amalipira mokondwa akamaona kumene kwacha yake yapita. Bwalo lili ngati mjigo wa pamudzi: onse amatungapo, koma ukathyoka popanda komiti aliyense amaloza mnzake.

Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse mu 2022. Mutagwirizana ndi aphungu athu, gawo lochepa chabe lingakwanitse kukumba chitsime ndi kuika thanki pafupi ndi bwalo, ndiponso kusalaza mabwalo awiri kapena atatu a m'makomboni ochitirapo mapulakatisi.

Za chitetezo sindingazisiye. Mu 2007 anthu 12 anafa popanikizana potuluka pa Konkola Stadium ku Chililabombwe, Zambia itangosewera ndi Congo Brazzaville. Pa 6 Julayi 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, anafa pageti la Bingu National Stadium ku Lilongwe, komwe ndi pafupi ndi ife kuposa Lusaka. Tsiku limene matimu awiri a mumzinda muno akumana, masapota a mbali iliyonse akhale ndi geti lawo ndi malo awo okhala, mageti atsegulidwe nthawi yabwino ndipo asakhale okhoma masewero akamatha. Timu imene masapota ake aponya miyala kapena kuthyola mpanda ilipire yokha, ndipo iluze tsiku lake lotsatira pabwalo. Lamulo limeneli ligwire timu ya khonsolo mofanana ndi timu ya kukomboni.

Pamsonkhanowo musaiwale kuitana amayi ogulitsa zitumbuwa, nzimbe ndi chimanga chootcha kunja kwa mpanda, komanso anyamata onyamula anthu panjinga. Masewero akalephereka iwowa ndi amene amabwerera kunyumba ndi katundu wosagulidwa, ndipo amadziwa bwino geti limene anthu amapanikizana kwambiri.

Ndikupempha kuti msonkhanowu uchitike ligi yotsatira isanayambe, ndi kuti tsiku lake lilengezedwe pa wailesi za mumzinda muno kuti matimu ang'onoang'ono nawonso amve ndi kutumiza nthumwi zawo. Ine ndi aphunzitsi anzanga a mpira tidzabwera ndi ndandanda za matimu athu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mpira wa achinyamata, Chipata