Dandaulo kwa kampani imene inandigulitsa laputopu yatsopano ponena kuti RAM yake ndingadzawonjezere

Kwa akuluakulu a kampani ino, makamaka oyang'anira malonda a pa intaneti ndi osamalira makasitomala,

Ndikulemba pa tsamba lanu lino, pamene aliyense angawerenge, chifukwa makalata amene ndakhala ndikutumiza ku ofesi yanu yosamalira makasitomala akumayankhidwa mozungulira, komanso chifukwa nkhani imene ndikudandaula siikukhudza ine ndekha. Ikukhudza aliyense amene anaitanitsa laputopu yanu yatsopano ya mainchesi 14 isanayambe kupezeka m'masitolo, atakhulupirira zimene munalemba pa tsamba losankhira zipangizo za mkati mwake. Nambala ya oda yanga muli nayo kale m'makalata aja, ndipo sindiilemba pagulu.

Pa tsamba limenelo wogula ankasankha purosesa (ubongo wa kompyuta), kukula kwa RAM (malo amene makina amasungapo kwa kanthawi zimene akugwira nthawi yomweyo) ndi kukula kwa SSD (mosungira mafayilo). Pa RAM munaika 16GB ndi 32GB, ndipo pansi pake penipeni panali chiganizo chonena kuti RAM ya makinawa ikhoza kuwonjezeredwa mtsogolo ngati wogula atafuna. Chithunzi cha tsambalo, chosonyeza tsiku limene ndinachijambula, ndachiika pansi pa uthenga uno kuti aliyense adziwerengere yekha. Popeza ndalama zanga sizikanakwanira kutenga zonse zapamwamba nthawi imodzi, ndinachita zimene munthu aliyense woganiza bwino akanachita atawerenga mawu amenewo. Ndinatenga RAM ya 16GB, poti munati ndingadzaiwonjezere, ndipo ndalama zotsalazo ndinaziika pa SSD ya 1TB. Chimene chikundiwawa kwambiri ndi chakuti zoona zake n'zosemphana ndendende ndi zimene tsamba lanu linandiuza. SSD ya m'makinawa ndi ya mtundu wa M.2, yomangidwa ndi kasikuluu kamodzi, imene munthu angaichotse n'kuikamo ina yaikulu tsiku lililonse limene wafuna, pamene RAM siingasinthidwe mpaka kalekale. Mawu anu anandichititsa kuthira ndalama pa chinthu chimene chikanadikira, n'kusiya chinthu chimene mwayi wochisankha unali umodzi wokha.

Ndifotokoze bwino chifukwa chake, popeza zikuoneka kuti ngakhale ena mwa ogwira ntchito anu sakuchidziwa. Tsamba lanu linkangolemba kuti purosesa ndi Core Ultra 7, osatchula nambala yake yonse. Pa pepala lomatidwa pa bokosi m'pamene palembedwa kuti ndi Core Ultra 7 256V. Purosesa imeneyi ndi ya m'gulu la Core Ultra 200V, limene Intel inatulutsa mu Seputembala 2024, ndipo m'gulu limeneli RAM ya mtundu wa LPDDR5X imaikidwa pamodzi ndi purosesayo ku fakitale, pa kathabwa kamodzi. N'chifukwa chake nambala yomaliza ya dzina lake imanena kukula kwa RAM. Ya 256V imakhala ndi 16GB, ya 258V imakhala ndi 32GB, ndipo palibe njira yochokera pa yoyambayo kufika pa yachiwiriyo popanda kusintha motherboard yonse, thabwa lalikulu limene zipangizo za mkati zimamangidwapo. Opanga purosesa sanabise zimenezi, zili poyera m'zolemba zawo. Ngakhale mu Task Manager ya Windows, pulogalamu yoonetsa mmene makina akugwirira ntchito, pamene pamalembedwa mtundu wa RAM, pa makina anga pakuoneka mawu akuti "Row of chips", kutanthauza mzere wa tizipangizo tomatidwa, ndipo buku lanu lomwe la amisiri okonza makinawa, limene lili pa webusaiti yanu, silikusonyeza malo alionse olowetsamo RAM. Choncho pamene ndinkadina pa 16GB ndinali kusankha purosesa ina yosiyana ndi ya 32GB, ndipo tsamba lanu silinanene zimenezi paliponse.

Sindikudandaula kuti munapanga laputopu ya RAM yosachotseka. Ndikudziwa ubwino wake. RAM ikakhala pafupi kwambiri ndi purosesa imathamanga kwambiri ndipo imadya moto wochepa, batire limakhalitsa, makina amakhala opyapyala ndi opepuka, ndipo makampani ambiri atsata njira imeneyi, monga mmene Apple yachitira kuyambira pa purosesa ya M1 mu 2020. Mukanalemba momveka kuti RAM imene wogula asankhe lero ndi imene adzakhale nayo mpaka makinawo atatha, ndikanatenga 32GB ndi SSD yaing'ono, ndipo bwenzi lero ndili kasitomala wokhutira. Dandaulo langa ndi lakuti munalemba zosiyana ndi zoona pa malo enieni amene munthu amapangira chisankho. Nditayang'ana tsamba la laputopu yanu ya chaka chatha, yokhala ndi dzina lofanana ndi ili, ndinapeza chiganizo chomwecho, liwu ndi liwu. Pa makina akalewo chinali choona, chifukwa anali ndi malo olowetsamo RAM yochotseka ya mtundu wa SO-DIMM. Zikuoneka kuti wina anangokopera mawu a tsamba lakale n'kuwaika pa latsopano popanda kufunsa amisiri, ndipo palibe amene anawerenganso tsambalo lisanayambe kulandira ndalama za anthu. Zili ngati kugulitsa munthu nyumba n'kumuuza kuti kuseri kuli malo owonjezerapo chipinda, iye n'kukapeza kuti khoma la nyumbayo ndiye malire a malo onse.

Mwina wina anganene kuti 16GB ndi yokwanira, ndipo kwa anthu ambiri ongolemba makalata ndi kuwerenga nkhani pa intaneti ndi zoona. Koma ntchito yanga ndi yokonza zithunzi ndi mavidiyo, ndipo ndinainena momveka pamene ndinacheza ndi wogulitsa wanu pa webusaiti ndisanalipire. M'makina amtundu uwu mulibe khadi yapadera ya zithunzi yokhala ndi RAM yakeyake. Gawo la purosesa lojambula zithunzi pa sikirini limatapa pa 16GB yomweyo, gawo la NPU, logwira ntchito za nzeru zopangidwa (AI), limene mwalitamanda kwambiri m'zotsatsa zanu limatapanso pomwepo, ndipo Windows payokha imatenga gawo lake munthu asanatsegule pulogalamu iliyonse. Ndikatsegula vidiyo ya 4K mu pulogalamu yokonzera mavidiyo, kwinaku ndili ndi masamba angapo otsegula pa intaneti ndi pulogalamu ya zithunzi, mzere wa RAM mu Task Manager umakwera mpaka pamwamba n'kukhala pomwepo, makina amayamba kusungira zinthu pa SSD m'malo mwa RAM, ndipo chithunzi chimaima kwa kanthawi pamene mawu akupitirira, moti sindingathe kudula vidiyo pa malo oyenera. Mukumbukirenso kuti pa bokosi munalembapo kuti ndi Copilot+ PC, ndipo malinga ndi zimene Microsoft inakhazikitsa mu 2024, makina otchedwa dzina limeneli ayenera kukhala ndi RAM yosachepera 16GB, malo osungira osachepera 256GB, ndi NPU ya liwiro losachepera 40 TOPS. Ndiye kuti 16GB ndi muyeso wotsikitsitsa wololedwa, poyambira penipeni, ndipo munandigulitsa makina amene sangachoke poyambirapo, mutandiuza kuti angachoke.

Anthu ambiri akhala akugula makompyuta atsopano chifukwa Microsoft inaika tsiku la 14 Okutobala 2025 kukhala lomaliza kuthandiza Windows 10, ndipo makina ambiri akale sakulandira Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 kapena purosesa yawo siili pa mndandanda wovomerezeka. Ogula oterewa sasintha laputopu chaka ndi chaka. Amagula makina oti akhale nawo zaka zisanu kapena kuposerapo, ndipo kwa iwo funso lakuti kodi RAM ingadzawonjezeredwe limalemera kuposa mtundu wa chivindikiro kapena kupyapyala kwa makina, zimene tsamba lanu linafotokoza ndi zithunzi zikuluzikulu.

Palinso nkhani ya sikirini. Zithunzi zonse za pa tsamba lanu zinkaonetsa sikirini ya OLED, imene imaonetsa mitundu yowala bwino, ndipo panalibe pamene wogula ankasankha mtundu wa sikirini, motero aliyense akanaganiza kuti ndi imodzi pa makina onse. Anga anabwera ndi sikirini ya mtundu wina, wa IPS, yoonetsa 45% yokha ya mitundu ya pa muyeso wa NTSC, imene siifika ngakhale magawo awiri mwa atatu a mitundu ya sRGB, muyeso wa mitundu ya zithunzi za pa kompyuta, ndipo chinthu chofiira chimaoneka ngati chosuluka ndi dzuwa. Ndi m'chikalata cha PDF chobisika pansi pa tsamba lina mmene mwalembedwa kuti OLED imaperekedwa pa makina a 32GB okha. Kwa munthu wokonza zithunzi za makasitomala, zimenezi zikutanthauza kugulanso sikirini yapadera kuti aone mitundu yeniyeni ya ntchito yake.

Mayankho a ofesi yanu ndi amene andifikitsa pano. Woyamba kundiyankha anandilangiza kuti ndigule RAM ya SO-DIMM ya DDR5 n'kuilowetsa ndekha, anatumizanso malangizo a katsegulidwe ka chivindikiro cha pansi, amene anali a makina a chaka chatha. Ndikanatsatira malangizo amenewo ndikanawononga ndalama pa chipangizo chopanda polowera, ndiponso mwina mukanadzanena kuti ndaphwanya chitsimikizo potsegula makina. Wotsatira anavomera kuti RAM siichotseka, koma ananena kuti ndalama sizingabwezedwe chifukwa makina anga anapangidwa mwapadera potsata zofuna zanga. Mawu amenewa sindikuwavomereza. Sindinakupempheni kuti mulembe dzina langa pa chivindikiro kapena kuti mupange chinthu chimene simupangira wina aliyense. Ndinasankha chimodzi mwa zinthu ziwiri zimene munaika nokha, ndipo makina ofanana ndi anga ndendende tsopano ali pa mashelefu a masitolo ogulitsa katundu wanu. Nditakana zimenezo, yankho linasinthanso n'kukhala lakuti masiku 14 obwezera katundu anatha kale, chifukwa inu mumawerengera kuyambira tsiku limene ndinalipira. Ndinalipira makinawo asanatuluke n'komwe, monga mmene munatilimbikitsira, ndipo mwa kuwerengera kwanu masikuwo anatha makina akadali ku fakitale. Malamulo anu ogulitsira, amene ali pa webusaiti yanu, akunena za tsiku limene katundu wafika kwa wogula. Umu ndi mmenenso zilili m'malamulo a European Union a 2011 okhudza kugula zinthu pa intaneti, amene amawerenga masiku 14 kuyambira pamene wogula walandira katundu m'manja, chifukwa munthu sangaweruze chinthu chimene sanachione. Kalata yanga yoyamba inakupezani masiku amenewo asanathe.

Chimene chandikhumudwitsa koposa ndi chakuti, makalata anga ali mkati mwa kuyankhidwa motere, chiganizo chonena za kuwonjezera RAM chinachotsedwa pa tsamba lanu mwakachetechete, ndipo m'malo mwake munalemba kuti RAM ndi yomangidwira mkati. Izi zikusonyeza kuti mukudziwa kuti mawu oyamba aja anali olakwika. Komabe simunalengeze paliponse, simunalembere ogula amene anaitanitsa kale, ndipo ofesi yanu ikupitiriza kundiyankha ngati kuti chiganizocho sichinakhalepo. Alipo anthu amene anagula makina a 16GB pa chifukwa chofanana ndi changa ndipo mpaka lero sakudziwa, adzazindikira patapita zaka ziwiri kapena zitatu, akadzapita kwa mmisiri atanyamula RAM yatsopano m'manja, chitsimikizo chitatha kale ndipo palibenso woti amudandaulire.

Pempho langa ndi lakuti mulandire laputopu imeneyi n'kundipatsa ya 32GB, ndipo ndine wokonzeka kulipira kusiyana kwa mtengo malinga ndi mitengo imene inali pa tsamba lanu tsiku limene ndinaitanitsa, popeza ndi makina amene ndikanagula mukanandiuza zoona. Ngati zimenezo sizingatheke, mundibwezere ndalama zanga zonse popanda kudulapo chilichonse, ndipo mtengo wotumizira makinawa kubwerera kwa inu ukhale wanu. Ndikupemphanso kuti mulembere aliyense amene anaitanitsa makina a 16GB chiganizo chija chisanachotsedwe, mumuuze momveka kuti RAM yake siingawonjezeredwe, ndipo mumupatse mwayi womwewo wosintha kapena wobweza. Pa tsamba losankhira zipangizo muike nambala yonse ya purosesa, mtundu wa sikirini imene ikubwera ndi chisankho chilichonse, ndi chenjezo la RAM pamalo pamene munthu akudina, asanafike polipira.

Makinawa ndasiya kuwagwiritsa ntchito, ndachotsamo mafayilo anga onse, ndipo ali m'bokosi lake pamodzi ndi chaja ndi mapepala onse amene anabwera nawo. Zithunzi za tsamba lakale ndi latsopano, pamodzi ndi makalata onse a ofesi yanu, ndazisunga, ndipo ngati nkhaniyi siithetsedwa ndidzazipereka ku bungwe loteteza ogula komanso ku banki imene ndinalipirira. Ndikupempha kuti amene ayankhe uthenga uno akhale munthu wokhala ndi mphamvu zovomereza kusintha makina kapena kubweza ndalama, ndipo ayankhire pompano kuti ogula ena amene akhudzidwa adziwe chochita.