Kalata kwa Nduna ya Zachilengedwe ku Britain: ngalande ya Llangollen si mlatho wokha ayi

Olemekezeka a Nduna,

Ndikulemberani za ndalama, ngakhale mawu anga ambiri akhala a chigwa, mtsinje ndi ngalande. Mu Julaye 2023 unduna wanu unalengeza kuti kuyambira 2027 mpaka 2037 boma lidzapatsa bungwe losamalira ngalande zoyendamo mabwato ku England ndi Wales la Canal & River Trust ndalama zopitirira mapaundi 400 miliyoni. Pozimva, ndalamazo n'zambiri. Koma bungweli lakhala likulandira mapaundi 52.6 miliyoni pachaka, zomwe zinangoima pompo mitengo ya zinthu ikukwera, ndipo dongosolo latsopanoli likuti ziyambire pa 50 miliyoni n'kumatsika ndi 5 peresenti chaka ndi chaka. Eni bungwelo atawerengera anapeza kuti, kukwera kwa mitengo kukalowamo, ataya zoposa mapaundi 300 miliyoni. Chigamulochi mwina munachipeza atapanga kale anzanu, koma ali pampando lero ndinu. N'chifukwa chake pempho ndikulitula kwa inu kuti muchiunikenso.

Kuti mumvetse chomwe chandilembetsa, tiyeni ku chigwa cha mtsinje wa Dee, kumpoto chakummawa kwa Wales, komwe kuli tauni ya Llangollen.

Alendo ambiri amafikira pa mudzi wa Trevor. Amaimika galimoto, n'kuyenda pang'ono, n'kupezeka ali pa mlatho wa Pontcysyllte, womwe umanyamula ngalande yonse, madzi ndi mabwato omwe, kuiolotsa pamwamba pa mtsinje. Ndi wotalika mamita 307, ndipo kuchokera pamwamba kufika pa madzi a Dee pansi ndi mamita 38. Anaumanga Thomas Telford ndi William Jessop kwa zaka khumi, n'kuutsegula pa 26 Novembala 1805. Madzi amayenda m'chimtsuko chachitsulo chachitali chokhala pa nsanamira 18 za miyala, chopapatiza moti bwato limodzi lokha ndilo limakwanamo. Mbali yoyenda anthu kuli zitsulo zogwirira. Mbali inayo kulibe kanthu, kamlomo kachitsulo basi kongotulukira pang'ono pamwamba pa madzi, kenako mlengalenga. Woongolera bwato amaima kumbuyo, dzanja pa chiongolero, ndipo akasuzumira pambali amaona nsonga za mitengo zili pansi pa mapazi ake. Oyenda pansi nawo mumawaona: wina wagwira zitsulo ndi manja awiri maso ali kutsogolo, mwana akufuna kuthamanga, mayi ake amugwira malaya kumbuyo. Akafika tsidya la Froncysyllte amajambula zithunzi, n'kutembenuka, n'kubwerera ku galimoto.

Sindikuwanena. Mlathowo ndi wofunikadi kuuona. Koma pa ngalande yonseyi, Pontcysyllte ndi mbali imene sindikuidera nkhawa kwenikweni. Ndi wachitsulo ndi miyala, aliyense amaudziwa, ndipo utati uchite mng'alu lero, mawa nkhani ili m'nyuzipepala zonse ndipo ndalama zipezeka. Nkhawa yanga ili pa zomwe palibe amazijambula.

Pamene bungwe la UNESCO linkaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2009, silinalembe mlatho wokha. Linalemba makilomita 18 a ngalande, kuyambira pa Gledrid, mbali ya England, kudutsa pa mlatho wa Chirk wa 1801 womwe umaoloka mtsinje wa Ceiriog pamalire a mayiko awiriwa, kulowa m'njira yoboola phiri ya mamita 421, kufika pa Pontcysyllte, mpaka kukathera pa Horseshoe Falls kumtunda kwa Llangollen. Mwa makilomita 18 amenewa, milatho iwiri yotchukayo siikwana ndi kilomita imodzi yomwe. Kwatsalako ndi dothi: zipupa za dothi lounjika, dongo lomatira pansi kuti madzi asalowerere, ndi makalavati akale odutsitsa timifuleni ta m'phiri kunsi kwa ngalande. Boma lanu ndi lomwe linapempha ulemu wa UNESCO umenewu. Walira mvula walira matope, a Nduna, ndipo matope ake ndi amenewa.

Munthu akasiya galimoto pa Trevor n'kutsata kanjira ka m'mbali mwa ngalande kulowera ku Llangollen, kanjira komwe kale mahatchi ankayendamo pokoka mabwato, amaona chinthu chomwe wa pa mlatho sachiona. Ngalandeyi siili pansi pa chigwa. Anaikoloweka m'mbali mwa phiri. Kudzanja lamanja phiri likukwera, nkhosa zili balala m'mabusa, pamwamba pake matanthwe oyera a Eglwyseg ndi mabwinja a linga la Dinas Brân. Kumanzere nthaka ikutsika mpaka ku mtsinje. Chomwe chikugwira madzi onsewo kuti asatsikire kumeneko ndi chipupa chomwe mukupondacho.

Chipupa chimenechi chinagonjapo kale. Pa 7 Seputembala 1945, m'bandakucha, chinagumuka pa Sun Bank, pakati pa Trevor ndi Llangollen. Madzi anatsika phiri n'kukokolola dothi la pansi pa njanji yomwe inkadutsa m'munsimo, ndipo sitima yonyamula makalata ndi katundu inafika mumdima n'kugwera pamenepo. Woyendetsa anafa. Chigawo chomwechi chinavutanso m'zaka za m'ma 1980, n'chifukwa chake lero malo ena ngalandeyi ikuyenda mu konkire, yopapatiza moti mabwato awiri sangapatukirane. Mukafika pamenepo mudzaona munthu atatsika m'bwato n'kumayenda patsogolo ndi foni m'manja, kuti akaone ngati kukhotako kukubwera bwato lina asanauze mnzake kuti alowe.

Musati izi ndi zakale. Mu Ogasiti 2019, mvula yamphamvu itagwa, damu la Toddbrook lomwe limadyetsa ngalande ya Peak Forest linayamba kugumuka, ndipo anthu pafupifupi 1,500 a ku Whaley Bridge anawachotsa m'nyumba zawo, helikopita ya asilikali ikuponya matumba a miyala kuti khoma lisapite. Pa 22 Disembala 2025 chipupa chinagumuka pa ngalande ya Llangollen yomweyi, ku Whitchurch m'chigawo cha Shropshire, mabwato n'kugwera m'chidzenje anthu akugona. Mwamwayi palibe anafa. Zipupa zimenezi anazimanga ndi mafosholo ndi mawilibala zaka zoposa 200 zapitazo, ndipo mvula yomwe zikulandira masiku ano si yomwe omangawo ankaidziwa. Sizigwa tsiku limodzi. Kalavati amatsekeka ndi zinyalala, muzu wa mtengo umaboola dongo, madzi amayamba kudontha pang'onopang'ono, udzu wa pamenepo n'kubiriwira kuposa wina wonse. Amene amazindikira zimenezi ndi munthu woyenda pansi wodziwa ntchito yake, wobwera mwezi ndi mwezi, yemwe amadziwa kuti chithaphwi ichi chaka chatha panalibe. Ndalama zikachepa, ntchito yoyamba kuchepetsedwa imakhala yotere, chifukwa palibe amadandaula ikasowa, kufikira tsiku lomwe chipupa chapita. Ndipo kumanganso chipupa chogumuka kumadya ndalama zochuluka kwambiri kuposa kutseka podontha.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna muchidziwe, chifukwa chimasintha nkhani yonse. Ngalande zambiri madzi ake amangokhala phee. Iyi imayenda. Mukaponya tsamba limapita. Chifukwa chake chili m'mbiri yake. Eni ake oyamba, a Ellesmere Canal, ankafuna kulumikiza mitsinje ya Mersey, Dee ndi Severn, koma njira yopitirira pa Trevor kulowera kumpoto, komwe madzi ankayembekezeka kuchokera, sinamangidwe. Anatsala ndi mlatho waukulu wopanda gwero lodalirika la madzi. Telford ndiye anakumba kangalande kopita kumtunda kwa chigwa, n'kumanga chotchinga chokhota ngati chiboda cha hatchi pa mtsinje wa Dee, chotalika mamita 140, chomwe chinatha mu 1808. Ndiye Horseshoe Falls imeneyo. Mu 1944 kampani ya njanji ya London, Midland and Scottish, yomwe inali mwini wake nthawi imeneyo, inapeza chilolezo cha nyumba ya malamulo chotseka ngalande zake zambiri, iyi ili m'gulu lomwelo. Zina zinauma n'kumera tchire. Iyi inapulumuka chifukwa inkanyamula madzi, ndipo mpaka lero imatenga magaloni pafupifupi 12 miliyoni patsiku kukathira m'damu la Hurleston pafupi ndi Nantwich, komwe amasanduka madzi akumwa a anthu a ku Cheshire. Choncho mukamaona mzere wa ngalande mu bajeti, musamaone mabwato opaka utoto a anthu apatchuthi okha. Muziona mpopi wa m'khitchini mwa munthu yemwe sanafikepo ndi ku Llangollen komwe.

Ndikudziwa chomwe a ku unduna kwanu angayankhe. Pamene Canal & River Trust inkalandira ntchito kuchokera ku bungwe la boma la British Waterways mu 2012, mgwirizano unali wa zaka 15, ndalama pafupifupi mapaundi 800 miliyoni, ndipo cholinga chinali choti bungweli pang'onopang'ono liziima palokha. Mfundoyo si yopusa, ndipo bungwelo lili ndi pena popezera ndalama: eni mabwato amalipira ziphaso, pali malo ndi nyumba zobwereketsa, pali opereka mwakufuna kwawo, pali ongodzipereka omwe amathandiza pa zitseko za madzi zokwezera ndi kutsitsira mabwato, ndi kudula tchire. Sindikunenanso kuti bungwelo silingalakwitse pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, lifunseni, liwerengereni. Koma taonani amene amagwiritsa ntchito ngalande. Pa munthu mmodzi wa m'bwato pali khamu la oyenda pansi, a njinga, othamanga, oyendetsa agalu, okalamba omwe phiri la Dinas Brân sangalikwere koma kanjira kosalala aka amakatha. Onsewa salipira kanthu, ndipo n'koyenera kutero. Mailosi 2,000 a ngalande ndi mitsinje za ku England ndi Wales simungaziikire geti. Chinthu chomwe aliyense amapindula nacho koma palibe pomulipiritsira, mwini wake weniweni ndi boma, kaya pachikwangwani palembedwa dzina la ndani.

Ndinene pang'ono za chigawo chomaliza, chifukwa ndi chomwe ndimachikonda, ndipo ndi chomwe alendo a pa mlatho amachiphonya. Mabwato a injini amathera pa Llangollen. Kupitirira apo ngalande imachepa, madzi ake ndi oyera moti timiyala ta pansi timaoneka, ndipo malo ena anachita kusema thanthwe kuti idutse. Kumeneko kumayenda mabwato okokedwa ndi hatchi, omwe akhala akunyamula alendo kuyambira 1884. Hatchi imayenda patsogolo m'kanjira, chingwe chili lende, kenako chimakungika, bwato n'kutsatira lopanda phokoso lililonse kupatula ziboda. Pansi kumanzere Dee akuwinduka m'miyala, sitima yakale yoyendera malasha yopita ku Corwen ikulira tsidya lina, ndipo mukapatuka pang'ono mufika pa mabwinja a Valle Crucis, nyumba ya amonke yomwe inakhazikitsidwa mu 1201. Tauni ya Llangollen imadya kwa anthu amenewa: ogona m'mahotela, obwereka mabwato, odzaona chikondwerero cha nyimbo cha International Eisteddfod chomwe chakhala chikuchitika kuyambira 1947. Ngalande ikatsekedwa miyezi ingapo chifukwa chipupa chagumuka kutali ku England, mabwato safika kuno, ndipo amene amamva kuwawa ndi wophika, wochapa zofunda ndi wosamalira mahatchi, omwe sanakhalepo pa msonkhano uliwonse wa bajeti.

(Nkhani ya magalimoto odzaza pa Trevor m'chilimwe, ndi mabasi oti azilumikizana bwino ndi sitima pa Ruabon ndi pa Chirk, ndikudziwa kuti ndi ya boma la Wales ndi makhonsolo, osati yanu. Ndidzawalembera paokha.)

Zomwe ndikupempha kwa inu si zambiri. Ndalama za 2027 kupita mtsogolo zisamatsike chaka ndi chaka. Ziziyendera limodzi ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu, chifukwa simenti, zitsulo ndi malipiro a amisiri sizitsika ndi 5 peresenti pachaka. Ngati nduna ya zachuma ikukanizani zonsezo, patulani thumba lapadera la zipupa, makalavati ndi madamu okha, loti lisakhudzidwe ndi china chilichonse, ndipo lipoti la momwe zinthuzi zilili lizituluka poyera chaka chilichonse kuti wokhala kunsi kwa chipupa azidziwa chomwe chili pamwamba pa denga lake.

Ndipo musanasaine chilichonse, bwerani kuchigwaku. Musabwere tsiku la dzuwa ndi ojambula kudzaima pakati pa Pontcysyllte. Bwerani mu Januwale mvula itagwa sabata yathunthu, muvale majombo, mutenge mmisiri mmodzi woyang'anira zipupa, muyende naye kuchokera pa Trevor mpaka pa Sun Bank. Mumufunse makalavati angati ali pa mndandanda wodikira kukonzedwa, ndi kuti wakhalitsa pa mndandandawo analembedwa chaka chiti.

Ine wanu mwaulemu,
Woyenda pansi m'mbali mwa ngalande ya Llangollen